Chitsekerero cha Botolo Chimene Chinathamangitsa a Nachisale

Zikomo pondipatsa mpata, abale anga. Ndamva zimene zagwa m'mudzi muno, maliro awiri mwezi umodzi. Ndamvanso kuti ena mwa inu mukufuna kutuma munthu akaitane woombeza kuti adzaloze amene akuchita zimenezi. Sindinabwere kudzakunyozani ayi. Ndabwera chifukwa ineyo ndinali woombeza. Anthu ankapalasa njinga kuchokera kunyanja, ena kuchokera ku Mtakataka, kudzagwada pakhonde panga. Ndipo ula wanga wonse unali chitsekerero cha botolo la zakumwa.

Dzina langa ndine Fabiano. Kwathu ndi kumtunda, kuseri kwa mapiri awo, koma ndinatsikira kuno kuchigwa ndili mnyamata, atandituma kudzaphunzitsa masamu pasekondale ina yoyendera kufupi ndi Golomoti. Ndinagwira choko zaka khumi ndi chimodzi. Phunziro limene ndinkalikonda kuposa onse linali la masamu a mwayi. Sukulu inalibe zipangizo, ndiye ndinkauza ana kuti akatole zitsekerero za mabotolo pagolosale. Tinkaziponya m'mwamba ndi kulemba mmene zagwera, kaya chagada, mano kumwamba, kaya chovundikira. Tikatha tinkatenga nthawi zimene chagwa chagada n'kugawa ndi nthawi zonse zimene taponya. Ana ankasangalala tsiku limenelo chifukwa m'kalasi munkamveka ngati pamsika.

Kachasu ndinamuyamba ngati wina aliyense, Loweruka lokha. Kenaka Lachisanu. Kenaka Lolemba m'mawa ndisanalowe m'kalasi, kuti dzanja lisanjenjemere pabolodi. Anandichenjeza kawiri, kachitatu ntchito inatha. Mkazi wanga Rozina anapirira chaka chimodzi, kenaka anatenga ana athu awiri n'kubwerera kwawo ku Mua. Nyumba ya sukulu ananditulutsamo. Ndinakapeza kanyumba ka udzu kumapeto kwa mudzi wina, m'mbali mwa njira yopita kusikimu ya mpunga ku Bwanje, moyang'anana ndi mlambe waukulu. Zonsezi zinachitika msanga, ngati thumba la mpunga lobooka pansi.

Zoombeza zinayamba ngati nthabwala. Tsiku lina tili pamowa, bambo wina ankadandaula kuti mbuzi yake yasowa. Ine, pofuna kuti andigulire kapu, ndinatola chitsekerero pansi.

"Tiyeni tifunse ichi. Chikagwa chagada ndiye kuti eya, chikavundikira ndiye kuti ayi. Kodi mbuzi ili kudambo?"

Chinagwa chagada. Tonse tinaseka. M'mawa mwake bambo uja anabwera kunyumba kwanga atanyamula botolo lathunthu, osaseka konse. Mbuzi anaipeza kudambo, chingwe chitakodwa pachitsa.

Sabata yomweyo kunabwera mayi woyembekezera kudzafunsa ngati ndi wamwamuna. Kunabwera msodzi amene ukonde wake unatengedwa ndi mphepo ya mwera. Kunabwera wofuna kudziwa ngati mwamuna wake amene anapita ku Joni adzabwerera. Amene chitsekerero chinawalasa ankakalengeza pamsika. Amene chinawaphonya ankangokhala chete, ena mpaka ankabweranso kudzapepesa kuti mwina iwowo ndi amene anafunsa molakwika. Sindinagulenso kachasu, ankabwera yekha.

Poyamba ndinkadziwa kuti ndi bodza. Ndikufuna mumve bwino pamenepa. Ndinkadziwa. Koma anthu akamagwada pamaso pako tsiku ndi tsiku, iwe wosowa ntchito, wothawidwa ndi mkazi, umayamba kufuna kuti zikhale zoona. Chitsekerero chija ndinachikulunga m'kansalu kofiira. Ndinayamba kuchiponyera m'mbale yachitsulo, ndipo chinkalira kamvekedwe kake kake, kotalika, ngati belu lakutali. Posakhalitsa kulira kumeneko ndinayamba kukumva ngakhale ndisanaponye. Masana dzuwa lili pamutu, ndikuyenda ndekha pakati pa minda, chimangoti ngweee kumbuyo kwanga. Ndikacheuka, palibe munthu. Ndinkachisiya pazenera potuluka, ndikafika kumsika n'kuchipeza m'thumba la malaya, chofunda ngati chagwidwa ndi munthu wina. Lero ndikudziwa kuti woledzera sakumbukira zimene dzanja lake lachita. Nthawi imeneyo ndinkati chikunditsatira. Ndinafika posadya, posasamba, posatuluka pakhomo ndisanachifunse. Ana akandiona ankapatuka m'njira n'kulowa m'tchire. Akuluakulu ankavula zipewa.

Ndiye linafika dzinja lija la mvula yambiri. M'mudzimo munamwalira ana atatu motsatizana, masabata asanu okha. Onse chimodzimodzi: kutentha thupi, kukomoka, maso kutembenuzika. Wachitatu anali mwana wamkazi wa a Lufeyo, mlimi wa mpunga, munthu wofatsa amene sindinamumvepo akukweza mawu.

Anabwera kwa ine akuchokera kumanda, amuna asanu ndi mmodzi, dothi lofiira lidakali kumapazi. Mvula inali itangokata, dzuwa litatuluka, nthunzi ikukwera kuchokera m'nthaka. Sanapereke moni. Anangokhala pansi mondizungulira.

"Aphunzitsi, tili ndi dzina limodzi," anatero a Lufeyo. "Mutifunsire."

"Dzina la ndani?"

"A Nachisale."

Ndinkawadziwa pang'ono chabe. Anali mayi wokalamba, wamasiye, wokhala yekha pafupi ndi ngalande ya madzi. Maso awo anali ofiira ndi utsi, ndipo ankakonda kuyankhula ndi mbuzi zawo ngati anthu. Panalibenso china.

Ndikanatha kukana. Ndikanatha kunena kuti ula sugwira tsiku la maliro. Koma ndinayang'ana nkhope zawo, ndinaopa, komanso penapake mumtima ndinkafuna kuona chimene chitsekerero chinene. Ndinamasula kansalu.

"Tiponya katatu," ndinatero. "Kodi a Nachisale ndi amene akudya ana a m'mudzi muno?"

Chagada.

Ndinaponyanso. Chagada.

Kachitatu chinagwera m'mphepete mwake n'kuyamba kuzungulira m'mbalemo. Chinazungulira nthawi yaitali moti mmodzi wa amunawo anabwerera m'mbuyo chokhala. Kenaka chinagona. Mano kumwamba.

Anadzuka onse pamodzi n'kumapita.

Dzuwa lisanapendeke ndinaona utsi kumbali ya ngalande. Udzu wa denga la a Nachisale unali wonyowa, ndiye utsiwo unali woyera, wolemera, woyenda pansipansi m'minda. Ndinaima pakhomo. Patapita nthawi a Nachisale anadutsa m'njira ya pakhomo panga, okha, atafunda kumutu chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Magazi ankatsika kuchokera kukhutu. Phazi limodzi linalibe patapata. Atafika pamlambe anaima, anatembenuka, n'kundiyang'ana. Sanatukwane, sanalire. Anangondiyang'ana mpaka ine ndinagwetsa maso, ndipo nditawadzutsa anali atapita, kulowera kunjanji.

Kuyambira tsiku limenelo palibe anawaonanso. Ena ankati anakokoloka powoloka mtsinje, poti unali wodzaza. M'mudzimo dzina lawo linaleka kutchulidwa. Ine ndinatseka chitseko n'kufunsa chitsekerero, "Kodi amwalira?" Chagada. Mawa lake ndinafunsanso. Chagada. Ndinaleka kufunsa.

Mbuzi yawo imodzi inapulumuka pamotopo, yopsa mbali imodzi, ubweya wonse utachoka. Palibe ankafuna kuigwira. Inayamba kubwera pakhomo panga masana aliwonse. Siinkadya kanthu, siinkalira. Inkangoima pakhonde n'kumayang'ana m'nyumba. Ndinkaigenda, inkapita pang'ono n'kubwereranso. Tsiku lina inangoleka kubwera, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kubwera kwake.

Mvula inatha, mpunga anakolola, kunja kunauma. Mukudziwa mmene kumatenthera kuno mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira mpaka mutu kuwawa, mpweya ukuvina pamwamba pa nthaka. Tsiku lina masana otere, anthu onse atabisala m'mithunzi, ndinasuzumira panja. Pansi pa mlambe panaima munthu. Atafunda kumutu chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu. Nkhope siinkaoneka. Anaima pamalo omwe aja, kuyang'ana khomo langa.

Ndinatseka chitseko n'kuchitsamira. Nditasuzumiranso pamng'alu, panalibe munthu.

Sabata yotsatira anabweranso. Yotsatiranso chimodzimodzi. Nthawi yake imodzimodzi, dzuwa lili paliwombo. Sindinauze munthu, ndikanauza ndani? Ndinkamwa kuyambira m'mawa kuti masana andipeze nditagona, koma tulo sitinkabwera. Ndinaonda mpaka lamba ndinamuboola mabowo awiri atsopano. Ndinaganizapo zotenga chingwe, ndisabise, ndipo nthambi yake ndinali nditaisankha kale.

Ulendo wachinayi sanaime pamlambe. Anayamba kuyenda kubwera kwa ine.

Ndinali pakhonde. Ndinkaona fumbi likudzuka kumapazi kwake, ndipo ndikukumbuka kuti ndinadabwa kuti mzukwa ungadzutse fumbi. Anafika, anaima potalikirana nane ngati apa ndi apo, n'kutsitsa chitenje kuchoka kumutu.

"Odi, aphunzitsi."

Sanali a Nachisale. Anali mayi wachitsikana, wa zaka ngati makumi awiri ndi zisanu, nkhope yoti ndinaionapo.

"Simukundikumbuka? Esinati. Ndinkakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera losweka. Ndinalekezera Fomu 3."

"Esinati," ndinatero. "Chitenjecho wachitenga kuti?"

"Ndi cha amayi anga. A Nachisale ndi amayi anga ondibereka."

Sindinkadziwa. Kusukulu ankalembedwa dzina la bambo ake, ndipo anakwatiwa ku Mtakataka kalekale.

"Ndiye anaikidwa kuti?" ndinafunsa.

"Ndani?"

"Amayi ako."

"Amayi ali moyo. Ndawasiya akusenda nandolo. Anayenda motsata njanji mpaka kwathu. Khutu limodzi silimva, ndipo akamva anthu ambiri akubwera amakabisala kuseri kwa nkhokwe. Koma ali moyo. Anakuuzani ndani kuti anafa?"

Iye anayang'ana kansalu kofiira kamene kanali m'dzanja langa, n'kugwedeza mutu.

"Maulendo atatu aja ndinkabwera ndi palafini ndi machesi," anatero. "Ndinkafuna mumve mmene udzu umalirira ukamapsa pamwamba panu. Ndinkaima apo, n'kulephera. Lero palafini ndamusiya. Ndabwera ndi china. Tulutsani mbale yanu."

Anakhala pansi, pafumbi pomwepo, osadikira mphasa. Ndinabweretsa mbale.

"Funsani ngati ine Esinati ndili mfiti."

"Mwanawe, zinthu izi sizoseweretsa."

"Funsani."

Ndinaponya katatu. Chagada, chovundikira, chagada.

"Kawiri mwa katatu. Ndiye kuti ndine mfiti eti? Chabwino. Funsani ngati mlambe uwo ndi umene unadya mwana wa a Lufeyo."

Chagada. Chagada. Chovundikira.

"Mlambenso. Amayi anu dzina lawo ndani?"

"Anamwalira ndili ku koleji."

"Sindinafunse zimenezo. Dzina lawo."

"A Nangozo."

"Funsani ngati a Nangozo anali mfiti."

Abale anga, mayi anga anali munthu wa kolona m'manja, anandiphunzitsa ndi ndalama za mbatata. Ndinaponya. Chagada. Ndinaponya. Chagada. Kachitatu ndinatseka maso, ndinangomva kulira kwa mbale, kenaka mawu a Esinati, otsika.

"Chagada. Katatu mwa katatu, ngati amayi anga. Tipite tikafukule manda awo tikawotche?"

Ndinalira ngati mwana. Iye sanandisisite, sananditonthoze. Anadikira mpaka nditatha, kenaka anatulutsa m'chitenje kope lakale, lachikuto chong'ambika, mbewa zitadya ngodya imodzi. Anatsegula n'kundiikira pamiyendo.

Linali kope lake la masamu. Patsambalo panali mizere ya magulu khumi a m'kalasi mwake. Gulu lililonse linaponya ka 50. Gulu lina linapeza chagada ka 38, lina ka 29, lina ka 35, kutsika choncho. Pansi pake panali kuphatikiza: taponya ka 500, chagwa chagada ka 340. Kenaka 340 kugawa ndi 500, yankho 0.68. Pambali pake panali chichongo chachikulu cha bolopeni yofiira ndi siginecha yanga.

"Munatiuza chiyani tsiku limeneli?" anafunsa.

Ndinangoyang'ana siginecha yangayo.

"Ine ndikukumbuka. Munati chitsekerero sichili ngati ndalama yachitsulo, mbali zake sizofanana, ndiye chimakonda kugwa chagada. Pa maulendo 100 aliwonse, pafupifupi 68. Munati gulu limodzi lingathe kunamizidwa ndi maulendo ochepa, koma tikaponya kambirimbiri chimaulula khalidwe lake. Munatinso munthu akakuuzani kuti chinthu chachitika kangapo, muzimufunsa kuti kangati mwa kangati. Ine sukulu sindinamalize, ndimagulitsa tomato. Koma zimenezi sindinaiwale. Inuyo munaiwala bwanji?"

"Koma mbuzi ija inapezeka," ndinatero. "Ukonde unapezeka."

"Ponyani ka 100. Osafunsa kanthu, osatchula dzina la munthu. Ine ndizilemba."

Anatola kamtengo n'kujambula mzere pakati pa fumbi, uku chagada, uku chovundikira. Ndinayamba kuponya. Kunja kunali zii, nyenje zokha ndi kulira kwa mbale. Maulendo khumi oyamba chinagwa chagada kasanu n'kanayi, ndipo mumtima ndinati chakwiya. Esinati sanadzutse n'komwe mutu. "Pitirizani." Pofika ka 20 chagada chinali 15. Pofika ka 50 chinali 33. Thukuta linkagwera m'mbale. Penapake chinavundikira kanayi motsatizana, penapake chinagwa chagada kasanu n'kawiri osalekeza. Titafika ka 100, iye anawerenga timizere take kawiri.

"66. Palibe dzina limene tatchula, aphunzitsi. Ndiye afiti 66 amenewa ndi a m'mudzi uti?"

Pamenepo mutu wanga, umene unali utagona zaka zitatu, unadzuka wokha n'kuchita samu imene ndinkayenera kuichita tsiku la maliro lija. Ngati chimagwa chagada ka 68 pa 100, ndiye kuti kugwa chagada katatu motsatizana si chozizwitsa. Zimachitika pafupifupi kamodzi pa katatu kalikonse. Amuna aja akanabwera ndi dzina la wansembe, la mwana wakhanda, la a Lufeyo eni ake, mwayi wake unali womwewo. Ndipo ndikanati kawiri mwa katatu n'kokwanira, monga ndinkachitira masiku ena, ndiye kuti anthu atatu mwa anayi alionse akanapezeka afiti. Chitsekerero sichinasankhe a Nachisale. Anawasankha ndi amene anabweretsa dzina, ndipo ine ndinangowapatsa chilolezo.

Ndinachiyang'ana m'mbalemo. Kachitsulo kadzimbiri, kopindika pang'ono mbali imodzi. Kanali kasanakhalepo china chilichonse.

"Ndichite chiyani?" ndinafunsa.

"Munachita poyera," anatero Esinati akudzuka, akukutumula fumbi. "Mukakonze poyera."

Tsopano ndikuuzeni zimene ndinachita, chimodzi chimodzi, chifukwa kulira pakhonde sikubweza munthu kumudzi.

Choyamba ndinawerenga zolakwa zanga. Ndinakhala pansi n'kulemba mafunso onse amene ndinkawakumbukira, kenaka ndinayenda khomo ndi khomo kufunsa mmene zinathera. Ndinatha kulondola mafunso 40. Chitsekerero chinalasa 19, chinaphonya 21. Mayi woyembekezera uja anabereka wamkazi. Mwamuna wa ku Joni sanabwerere mpaka lero. Panali bambo wina amene ndinamuuza kuti mkazi wake achira, ndiye sanamutengere kuchipatala. Ameneyo sanandilole kukhala pansi, ndipo sindinamudandaule. Zaka zonsezo m'mudzi munkamveka nkhani za 19 zija. Za 21 palibe ankazikamba.

Chachiwiri ndinakaima pamjigo m'mawa, nthawi imene amayi amachuluka, ndi mbale yanga. Amuna nawonso anabwera atamva. Ndinawauza zonse, ndinaonetsa kope la Esinati, ndinapempha aliyense atchule dzina limene akufuna. Wina mwanthabwala anatchula galu wake. Galuyo anapezeka mfiti. Ena anaseka, koma kusekako kunatha msanga. A Lufeyo anali ataima kumbuyo. Anabwera pang'onopang'ono mpaka pamaso panga.

"Ndiye mwana wanga anamupha ndani?"

"Sindikudziwa zonse, a Lufeyo. Azaumoyo akuti anali malungo a m'mutu, ndipo mukudziwa kuti mtsinje unali wodzaza, ana onse atatu anachedwa kufika kuchipatala. Chimene ndikudziwa n'chakuti ichi sichikudziwa kanthu."

Anandimenya khofi limodzi, lamphamvu, ndinagwera m'matope a pamjigo. Kenaka iwo anakhala pansi pomwepo n'kugwira mutu. Palibe anawadzutsa.

Chachitatu ndinapita ndekha kupolisi. Ambiri sadziwa kuti kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu m'dziko muno. Ndinavomera, ndipo khoti linandipatsa miyezi isanu ndi inayi m'ndende. Amuna awiri mwa amene anayatsa moto anandipeza komweko. Masabata awiri oyamba opanda kachasu ndinkanjenjemera thupi lonse, ndikuona nyerere zikutuluka m'khoma, ndipo mbale ija inkalirabe m'makutu. Anzanga a m'chipindamo ankandigwira manja ndi miyendo. Kulirako kunachepa pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina ndinazindikira kuti papita sabata ndisanakumve.

Nditatuluka sindinabwerere kukanyumba kaja. Ndinapita kuchipatala ku Mua n'kunena poyera kuti ndine chidakwa, ndikufuna thandizo. Ndinasiya njira zodutsa pamowa, ngakhale zikhale zachidule. Ndinapeza anzanga atatu a vuto lomweli, timakumana Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, aliyense n'kunena mmene sabata yamuyendera. Ndinagwapo kamodzi, pa ukwati wa mphwanga, ndipo ndinakawauza. Ntchito ya boma siinabwerere. Ndimaphunzitsa masamu pansi pa mtengo kwa obwereza mayeso, ndiponso ndili ndi kamunda ka mpunga. Rozina anandiyang'ana zaka ziwiri ali kwawo asanavomere kubwerera, ndipo anachita bwino kudikira.

Ndiye inu amene mukufuna woombeza, sindingakugwireni miyendo. Koma akabwera, kaya ndi nsupa, kaya ndi galasi, kaya ndi nyanga, muchite zimene anandichita Esinati. Musayambe ndi dzina limene lili kale m'mitima mwanu. Mupatseni dzina la mtengo osamuuza kuti ndi mtengo. Mupatseni dzina la munthu amene kulibe. Mumufunse kuti walasapo kangati, ndipo akakuuzani, mumufunsenso kuti mwa kangati. Mukafufuze amene anawaphonya, chifukwa amenewo sabwera okha kudzachitira umboni. Ndipo mwana akatentha thupi m'mawa, masana amupeze ali kuchipatala, ngakhale kumubereka kumsana.

A Nachisale ndinawaopa kuposa ndende. Tinaumba njerwa, ine ndi amuna awiri aja, tinawamangira nyumba pamalo pomwe panali yakale, yamalata. Itatha m'pamene ndinalimba mtima kupita ku Mtakataka. Ndinawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba ya Esinati. Ndinagwada patali.

"Mayi, ndine Fabiano. Ndine amene ndinakulozani."

Anatembenuza mutu kuti khutu lakumva liloze kwa ine. "Ndakudziwani. Mwaonda."

"Ndinalakwa, mayi. Takumangirani nyumba. Mundikhululukire."

Anapukusa mutu.

"Nyumba mupatse wina," anatero. "Ndingakagone bwanji pakati pa anthu amene ndinawaona nkhope zawo tsiku lija? Koma pali chimodzi. Ana atatu aja, inu simukudziwa poti ndinu obwera. Amayi awo onse ndinawaperekeza kuchipatala ndine pokabereka. Ndine ndinawasambitsa koyamba. Wa a Lufeyo dzina ndinamupatsa ndine. Munandithamangitsa ndisanawalire. Mundiperekeze kumanda."

Tinapempha kwa adzukulu, anavomera. Tinapita Loweruka m'mawa, ine, Esinati ndi iwo. Podutsa m'mudzi anthu ankalowa m'nyumba, zitseko zikutsekedwa kutsogolo kwathu chimodzi chimodzi. A Nachisale sanayang'ane kumbali. Titalowa m'nkhalango ya manda anapita okha pa timitumbira titatu tija, anakhala pansi pakati pake, anatambasula miyendo, n'kuyamba kulira maliro ngati kuti achitika dzulo, akutchula mwana aliyense dzina lake.

Analira okha nthawi yaitali. Kenaka ndinamva masamba ouma akuphwanyika kumbuyo kwathu. Anali mkazi wa a Lufeyo. Anaima pamphepete, manja ali kukamwa. Ndinkayesa abwerera. Koma anabwera, anagwada, n'kuika mutu wake pamiyendo ya a Nachisale, ndipo mayi wokalambayo anamugwira kumsana osaleka kulira.

Amayi a ana awiri enawo sanabwere. Mpaka a Nachisale anamwalira chaka chatha ku Mtakataka, amayi awiriwo sanapite kukawaona, ndipo nyumba ija ilipobe, simugona munthu.

Ndathokoza pondimvetsera.